Dzanja Langa Laphunzira Poona Lako

Kamwendo, Mchinji

Mwana wanga Velonika,

Ndakhala pakhonde masana ano, makina ndaphimba, iwe uli ku Ludzi kokatsanzikana ndi azakhali ako. Mawa m'mawa ukukwera minibasi kupita ku sukulu ya anamwino, ndipo ndikudzidziwa ndekha kuti pa siteji sindikalankhula zomveka. Ndikakhala ndikuwerenga zikwama zako ndi kukangana ndi kondakitala za mpando wa pakhomo. Ndiye ndati ndilembe, ukawerenge utafika, utasamba, utadya.

Amayi ako andiuza zimene unawanong'oneza pochapa dzana, kuti ukangoyesako teremu imodzi, ndipo nyengo yosoka mayunifolomu ikafika ubwerera kudzandigwirira makina. Usawakwiyire. Iwo sanasungepo chinsinsi chiyambire, n'chifukwa chake banja lathu lakhalitsa. Kalata yonseyi ndikulembera nkhani imeneyo. Kuyambira pamene sitiroko inandipha dzanja lamanzere, iwe ndiwe wakhala manja a pakhonde pano. Anzako anapita kusukulu iwe uli pa makina. Tsopano malo ako apezeka, ndipo sindikufuna kuti ukakhale m'kalasi thupi lokha, mtima uli pa Kamwendo. Koma ndiyambe ndi za ntchito imene ukukaiphunzirayo, pakuti nayonso ndi ntchito ya manja ngati yangayi.

Ndili mnyamata, malemu agogo ako anandipereka kwa a Chikadza, telala wa ku boma, kuti ndiphunzire kusoka. Miyezi yoyamba sanandilole kukhudza makina. Ntchito yanga inali kusesa tizidutswa ta nsalu, kukoleza makala a simbi, ndi kuyang'ana. Ndinayang'ana mpaka ndinkadziwa nthawi imene phazi lawo litsike lisanatsike. Ndikagona, mapazi anga ankapalasa m'bulangete. Ndinayamba kuuza anzanga kumudzi kuti kusoka ndatha, angondimana mpando. Tsiku lina a Chikadza anandimva. Anaimirira, nandilozera mpando, nandipatsa kansalu. Nditaponda, gudumu linazungulira chambuyo, ulusi unapotana pansi ngati ndevu za chimanga, singano inathyoka. Iwo sanakalipe. Anangoti, "Maso ako ndi a telala kale, koma mapaziwo akadali a m'busa wa mbuzi." Velonika, ukaona mphunzitsi akubaya jakisoni kapena akumanga bala, mtima udzakuuza kuti watha. Si bodza lenileni, chifukwa kanthu kena kamakhala kalowadi. Koma kalowa theka. Akakafunsa kuti ayese ndani, kweza mkono, ukalakwe pamaso pa aphunzitsi kusiyana ndi kukalakwa pa wodwala uli wekha.

Cholakwa chachiwiri ndinachichita nditayamba kale kusoka. A Chikadza akamadula kapena kulemba ndi choko, ine ndinkaima tsidya lina la tebulo, maso ndi maso, kuti ndione bwino. Malaya anga oyamba osoka ndekha anali a mphunzitsi wina wochokera ku Thyolo. Ndinawasamalira kwambiri, kolala inakhala bwino, ndinasita kawiri. Mawa lake bamboyo anabwera malaya ali m'manja.

"A telala, ana a Sitandade 7 akundifunsa ngati ndabwereka bulauzi ya akazi anga."

A Chikadza atayang'ana anapeza kuti mabatani ndaika mbali ya chizimayi. Ukudziwa kuti malaya a bambo mabowo amakhala kumanzere kwa wovala, mabatani kumanja. Ine lamulolo ndinkalidziwa pakamwa, koma dzanja linatsata zimene maso anazolowera. Poima kutsogolo kwawo, kumanja kwawo kunali kumanzere kwanga, ndiye ndinaphunzira zonse chotembenuza. Tsiku lomwelo anandikokera kumbuyo kwa phewa lawo nati, "Uziima apa, uziona dzanja langa ngati ndi lako." Iwenso unachita zomwezo uli wamng'ono. Amayi ako ankakuphunzitsa chizindikiro cha mtanda atakugwadira kutsogolo, ndipo unakachichita ndi dzanja lamanzere m'tchalitchi cha ku Ludzi, asisitere akuona. Choncho kuchipatala, anzako akamakanganirana kutsogolo kwa bedi, iwe zungulira, ukaime kumbuyo kwa phewa la amene akugwira ntchitoyo. Ngati malo palibe, pempha mwaulemu. Kumbuyo kwa phewa, usaiwale.

Tsopano za matenda angawa. Zambiri unaziona, koma za mumtima sindinakuuze. Nditatuluka m'chipatala mwendo unabwerera msanga, koma dzanja linangoti lende. Ukudziwa kuti pa makina dzanja lamanzere ndilo limaongolera nsalu. Iwe utakhala pampando wanga, ine ndinatembenuza kampando kanga kuloza kumsewu. Unkaganiza kuti ndakukwiyira. Sunali mkwiyo. Ndikaona manja ako akuyenda pansalu, m'dzanja lakufali munkachita ngati mukuyenda nyerere, ngati likufuna kunyamuka koma lamangidwa. Zinkandiwawa mumtima, ndiye ndinasankha kuona magalimoto. Apa ndipo ndinalakwa kwambiri, pakuti ndinkathawa chinthu chimene chikanandithandiza.

Amene ananditembenuza ndi mayi Mhango, a mafizo aja a ku chipatala cha ku boma, ochokera kumpoto. Tsiku lina akundiwongola zala anandifunsa.

"Bambo, kunyumba akusoka ndani?"

"Mwana wanga wamkazi."

"Nanga inu mumatani iye akamasoka?"

"Ndimaona magalimoto opita ku Chipata."

"Kani a kasitomu a pa boda anakulembani ntchito? Mwezi ukatha mudzandigulire fanta."

Ndinaseka, kenaka ndinawauza za nyerere zija. Anasiya kundiwongola nandiyang'ana. Anati zimenezo si zoti ndizithawe. Ndikulembera monga ndinamvera, ndi sukulu yanga ya pulayimale, iwe ukamva bwino kwa aphunzitsi ako ndipo ukadzabwera udzandikonze. Anati mu ubongo muli malo amene amakonza ndi kutuma dzanja kuti ligwire ntchito. Munthu akamaonerera mnzake akugwira ntchito, ambiri mwa malo amenewo amadzuka, ngakhale dzanja lake lili phee. Akatsinzina n'kumaganizira kuti akuigwira yekha ntchitoyo, amadzukanso. Koma anati ziwirizi si chinthu chimodzi ndendende. Kuona kumalandira za kunja, kumatsata liwiro la mwini ntchito, ndipo kumakusonyeza ngakhale zimene sunachitepo. Kuganizira kumatapa m'nkhokwe yako, zimene thupi lako linachitapo kale. N'chifukwa chake anandiuza kuti ndiziphatikiza: ndizikhala kumbuyo kwako, ndiziona dzanja lako, ndipo nthawi yomweyo ndizimva m'mutu ngati nsaluyo ikudutsa pansi pa zala zanga.

"Sindikukulonjezani kanthu," anatero. "Ena zimawathandiza, ena pang'ono pokha. Ndipo mafizo enawa musasiye. Koma inu muli ndi mwayi, nkhokwe yanu ndi yodzaza."

Ndinabwerera ndikukayika. Ndinkati mayiyu akungondisangalatsa kuti ndisamangokhala. Koma ndinayamba kuyang'anitsitsa anthu, monga umandidziwira. Amayi ako akamadyetsa phala mwana wa achimwene ako, pakamwa pawo pamayasama supuni isanafike kwa mwanayo. Ndinawauza, anakana, mawa lake ndinawagwiranso. Pa bwalo la mpira apa, mnyamata akafika pafupi ndi golo, mwendo wanga umamenya wokha, mpaka tsiku lina ndinagwetsa dengu la mtedza wa mayi wina. Amayi ako ataonerera mpira womwewo, miyendo yawo inali chete, chifukwa sanamenyepo mpira. Koma chimtali chikamavinidwa, iwo ali chikhalire pamkeka, mapewa amayamba kuyankha ng'oma. Ndinayesanso kutsinzina n'kuganizira kuti ndikuyendetsa lole, chinthu chimene sindinachitepo. Ndinkangoona munthu wofanana nane ali pa chiwongolero, ngati pa kanema, m'manja mwanga osamva kalikonse. Koma ndikaganizira kudula mkono wa malaya, ndinkamva kulemera kwa sizasi. Apo ndipo ndinakhulupirira, ndipo ndinatembenuza kampando kaja. Unandifunsa kuti bwanji ndikukupumira m'khosi, ndinangoti ndikuona ngati ukusoka bwino. Ndinali pasukulu, mwana wanga, ndipo mphunzitsi unali iwe.

Pamenepanso ndinalakwitsa, chifukwa cha changu. Nditabwerera kwa mayi Mhango ndinadzitama kuti m'mutu mwanga ndikusoka mathalauza ambirimbiri tsiku lililonse.

"Thalauza imodzi ikukutengerani nthawi yotani m'mutumo?"

"Kanthawi kochepa, ngati kumeza malovu."

"Ndiye simukusoka, bambo, mukulota. Thalauza yeniyeni imasokedwa choncho?"

Anati kuganizira koona kumatenga nthawi yofanana ndi ntchito yeniyeniyo. Ngati m'mutu wamaliza msanga, ndiye kuti walumpha malo ovuta, ndipo malo ovutawo ndi amene dzanja likufunika kuphunzira. Kuyambira pamenepo ndinkasoka thumba limodzi lokha m'mutu, koma lonse. Kuyala khaki, kumva kukhakhala kwake, kutsitsa phazi la makina lopanikiza nsalu, kuponda, kufika pakona, kusiya singano ili m'nsalu, kukweza phazi, kutembenuza nsalu, kutsitsanso. Ndikamaliza ndinkatopa ngati ndalima. Iwenso, madzulo ukabwerera ku hositelo, usanatsegule buku, khala pabedi utsinzine, ubwereze ndi manja a m'mutu zimene waona tsikulo. Uyambire posamba m'manja. Usalumphe. Pamene chithunzi chazimirira, pamenepo ndi pamene sunamvetse, ndipo mawa ukafunse pomwepo.

Pali china chimene unatengera kwa ine, ndipo ndikupepesa. Ndi nkhawa. Ine ndimatseka chitseko n'kubwereranso kukachigwedeza, iwenso umatero. Nditayamba kuyesa kugwira nsalu ndi dzanja lodwalali, m'mutu mwanga munkabwera chithunzi chimodzi chokha: nsalu ya kasitomala ikuterereka, singano ikulowa m'chala, anthu a pamsika akuonerera. Ndinkachibwereza tsiku lonse. Ndikafika pa makina, dzanja linkauma gwa ndisanayambe n'komwe. Ndinazindikira ndekha kuti ngati kuganizira ntchito yabwino kumaphunzitsa dzanja, ndiye kuti kuganizira kulakwa nakonso kukuliphunzitsa kanthu. Sindinathe kuchotsa nkhawa, ndipo sindikuuza kuti uichotse, chifukwa ndi imene imatipangitsa kuyeza kawiri tisanadule. Koma chithunzi choipa chikabwera, ndimachilola chithe, kenaka ndimayambiranso msoko womwewo m'mutu mpaka nditaumaliza bwino, n'kudula ulusi. Usiku woti mawa uli ndi mayeso a manja, usagone ndi chithunzi cha jakisoni wagwa pansi. Mutole, utenge wina, umalize ntchitoyo, wodwala avale malaya ake azipita. Ukatero ugone.

Tsopano ndikuuze chimene chinandichititsa manyazi ndi kundiseketsa pamodzi. Ukukumbuka mmene ndinkakukalipira chifukwa chokankha nsalu ndi m'mphepete mwa chikhatho m'malo mwa nsonga za zala? Ndinkati ndi kasokedwe ka ulesi, a Chikadza akanakumenya ndi tepi. Sunasinthe, ndipo ndinatopa n'kukusiya. Tsiku limene dzanja langa linayamba kuyenda pansalu, ndinaliona likupendekeka, likukankha ndi m'mphepete mwa chikhatho, ndendende ngati lako. Sindinalitume. Linatola lokha pa miyezi yonse ija ndili kumbuyo kwako. Ndipo ndi njira yokhayo imene ingatheke kwa ine tsopano, chifukwa nsonga za zala zikadali zofooka. Ndinakhala pamenepo ndikuseka ndekha, amayi ako mpaka anatuluka kudzaona ngati matenda abweranso.

Nkhani imeneyi ili ndi mbali ina imene ikundidetsa nkhawa. Dzanja silisankha, limatola chilichonse chimene maso akhalitsapo. Kuchipatala ukapeza anamwino a mitundu yonse. Ena amatembenuza wodwala ngati akutembenuza thumba la chimanga, ena amayamba ayika dzanja paphewa n'kumuuza zimene achite. Ine ndagonapo pabedi lija, ndipo ndikudziwa kusiyana kwake ndi thupi langa. Wankhanza nthawi zambiri amakhala wachangu, ndipo changu chimakopa maso a wophunzira. Ukamuyang'anitsitsa tsiku ndi tsiku, udzadzidzimuka manja ako akuchita zomwezo usanaganize. Usanyoze munthu, usayankhe akuluakulu mwamwano, koma maso ako uwasankhire pokhala. Upeze mmodzi wa manja abwino, umutsate, umunyamulire mbale ya zipangizo, uime kumbuyo kwa phewa lake.

Zing'onozing'ono ndi izi, ndisanaiwale. M'kachitini ka m'thumba la m'mbali mwa chikwama chachikulu muli singano, ulusi woyera ndi wakuda, ndi mabatani apadera a yunifolomu. Anzako akadziwa kuti umasoka adzakuunjikira zovala. Uwathandize Loweruka lokha. Yunifolomu yoyera usaichapire pamodzi ndi chitenje chofiira chija, chimasuluka. Nsapato zatsopanozo uyambe wazivala madzulo m'chipinda zisanakulume m'wodi. M'minibasi usakhale pakhomo. Ukafika uimbe pa foni ya pa golosale, auza amayi ako. Lamulungu usajombe ku Misa, ngakhale utatopa.

Ndabwerera ku nkhani ija ya teremu imodzi. Ndikudziwa kuti mawu okha sungawakhulupirire, chifukwa wakhala ukundimva ndikunena kuti ndili bwino ngakhale pamene sindinkatha kumanga lamba. Ndiye ndikuuza zimene zachitika sabata ino.

Lachiwiri, utapita ku boma kukajambulitsa zithunzi za kusukulu, kunabwera a Zulu, aja ogulitsa zitenje ochokera mbali ya ku Chipata. Anabweretsa thalauza ya khaki ya pa kaunjika, yoti tiifupikitse ndi kuikanso thumba lakumbuyo limene linathothoka. Ndinalandira, ndinati mwana akabwera asoka. Atachoka ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka ndinavundukula makina. Amayi ako anandilowetsera ulusi pa singano, chifukwa chimenecho chikundikanikabe, ndipo anaima pakhomo kuti wina akamabwera atsokomole. Ndinasoka miyendo yonse iwiri ndi thumba lomwe. Pakona ndinasiya singano m'nsalu, ndinakweza phazi, dzanja lamanzere linatembenuza khaki ija ndi chikhatho. Ntchito imene iwe ukanaimaliza tiyi asanazizire inanditengera mpaka dzuwa kupendeka. Ndinasita, ndinapinda, ndinaika pansi pa zovala zina kuti usaione.

A Zulu abwera lero m'mawa, iwe utangonyamuka. Anatambasula thalauza ija, naiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, nayamba kupukusa mutu.

"A telala, mwana wanuyu mtima uli kale ku koleji. Taonani msoko wa thumbawu, ukuyenda ngati munthu wochokera ku mowa."

"Wasomoka?" ndinafunsa.

Anaukoka ndi manja awiri. "Kulimba walimba. Koma si mmene amasokera masiku onse."

"Nanga miyendoyo yasiyana?"

Anaiyerekeza. "Yafanana."

"Muivala kapena ndiphwasule?"

"Ndivala, nanga kumbuyo ndimaonako ine? Koma mumulankhule, asatayirire poti akupita."

Ndinawalonjeza kuti ndikudzudzula kwambiri. Amayi ako anathawira kuseri kwa nyumba, chitenje chili pakamwa.

Ndiye undikhululukire, mwana wanga, dzina lako laipa kwa a Zulu chifukwa cha ine. Ndidzawauza zoona ukapita. Koma taganiza. Munthu amene wakhala akusoketsa pakhonde pano kuyambira iwe usanabadwe, wodziwa nsalu, anayang'ana msoko wanga n'kuuyesa wako wa tsiku loipa. Sanauyese wa munthu wodwala. Msoko wokhota umawongoka ndi kusoka, ndipo sungawongoke iwe utakhala pampando. Ukabwerera pakati pa chaka, udzandilanda mpandowo chifukwa cha chisoni, ine ndidzabwereranso pa kampando kakumbuyo, ndipo tonse awiri tidzakhala taluza.

Mayunifolomu a chaka chino ndilandira ochepa, amene ndingathe. Masuti ndi madiresi a ukwati ndiziwatumiza kwa anzanga a kuseri kwa msika, sindichita nazo manyazi. Amayi ako azilowetsa ulusi ndi kusokerera mabatani, ndipo ndawaonetsa kale mbali yake, ataima kumbuyo kwanga. Chimanga chili m'nkhokwe. Kwa mayi Mhango ndizipitabe.

Usabwere mpaka tchuthi chenicheni, sukulu itatseka, anzako onse akupita kwawo. Ukadzatsika pa siteji usadzathamangire kukhitchini. Udzayambe wafika pakhonde, udzatenge chovala chilichonse chimene chili pamwamba, udzachitembenuze kunsi, udzandiuze mosandinyengerera ngati msoko wawongoka.

Mulungu akutsogolere pa msewu, akusungire manja akowo.

Ndine bambo ako.